Mbale Zosadyera Nsima

Pali mafunso ena amene anthu amafunsana mwa mwambo chabe. Munthu akafunsidwa kuti wadzuka bwanji amayankha kuti wadzuka bwino ngakhale usiku wonse sadaone tulo. Akafunsidwa za kunyumba amati onse ali bwino, pamene mwana ali chigonere pamphasa ndipo ufa watha m'dengu. Sikuti munthu wotereyu ndi wabodza ayi, koma ulemu ndiwo umamuletsa kusenzetsa mnzake mtolo pamsewu. Komabe pakhonde lina ku Chilomoni, mumzinda wa Blantyre, pamafunsidwa funso limene yankho lake silibisa kanthu. Funsolo ndi lakuti, "Kodi mukumvera chiyani masiku ano?"

Mwini khondelo ndi mkulu wina amene anthu a m'deralo amangowatchula kuti Atelala, popeza akhala akusoka zovala pamenepo kwa zaka zambiri. Lamulungu lomaliza la mwezi uliwonse, dzuwa likapendeka, makina osokera amakankhidwira pakona ndipo pamalo pake pamaikidwa galamafoni ya magetsi. Kenaka alendo amayamba kufika mmodzimmodzi: Aphunzitsi amene adapuma ntchito kalekale, Adalaivala amene ankayendetsa magalimoto a katundu pamsewu wa ku Beira ndi ku Durban, ndiponso Anamwino amene adakalambira m'zipatala. Aliyense amabwera atapanira chimbale chimodzi kukhwapa monga momwe anthu amanyamulira buku la nyimbo popita ku tchalitchi. Onsewa ndi okonda jazi, ndipo chowasonkhanitsa ndi kumvetserana zimene aliyense wakhala akumvera m'mwezi umenewo.

Mwambowu Atelala adautola ku Joni. Adapitako ali mnyamata kudzera ku Wenela, monga ankachitira anyamata ambirimbiri a nthawi imeneyo. Ntchito yawo yoyamba idali ya pansi pa mgodi wa golide, pafupi ndi makina oboolera miyala amene phokoso lake linkatsalira m'mutu ngakhale munthu atagona. M'mwezi wa Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana ndi kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo kuchokera ku migodi. Boma la Dr. Kamuzu Banda lidaimitsa kulemba anthu ntchito ya ku migodi, ndipo anzawo ambiri adabwerera kumudzi. Atelala sadabwerere. Adazemba, nakapeza ntchito yopinda mathalauza m'sitolo ina ku Pretoria, nachita lendi kachipinda ka kuseri kwa nyumba ina ku Mamelodi. Kuyambira pamenepo adasanduka mtchona.

Mwini nyumbayo ndiye adawalowetsa m'gulu la anthu omvera jazi. Magulu otere adali ambiri ku Mamelodi, ku Atteridgeville, ku Soweto ndi m'makomboni ena, ndipo ena akadalipo mpaka lero. Anthu ake sadali oimba. Adali antchito wamba, oyendetsa mabasi, operekera makalata ndi osesa m'maofesi. Gulu linkayenda ngati chiperegani: sabata ino kwa uje, sabata yamawa kwa ujeni, ndipo wolandira alendo ankagulitsa chakudya ndi zakumwa kuti apezepo kangachepe. Ankabwera atavala zipewa zabwino ndi nsapato za mitundu iwiri zopukutidwa mpaka kunyezimira. Nyimbo ikamugwira wina, ankanyamuka n'kuvina yekha pakati gule wotchedwa diga, mapazi ake akuyankhana ndi lipenga monga ngati awiriwo adapangana.

Padali chifukwa chimene anthuwa ankakondera zimbale motere. Kuyambira m'chaka cha 1955 boma la tsankho lidayamba kugwetsa Sophiatown, dera limene linkadziwika ndi nyimbo. M'mwezi wa Januwale 1960 gulu la Jazz Epistles, momwe mudali Kippie Moeketsi, Hugh Masekela, Jonas Gwangwa ndi Dollar Brand, lidajambula chimbale chake. Patangopita miyezi iwiri apolisi adapha anthu 69 ku Sharpeville, ndipo malamulo oletsa misonkhano adakhwima. Masekela, Gwangwa ndi Brand adachoka m'dzikomo, ndipo ambiri adawatsatira. Oimba adapita, zimbale zidatsala. Motero nyumba za anthu ndizo zidasanduka mabwalo a nyimbo. Asanaike singano, mwini chimbale ankawerenga mokweza zolembedwa kuseri kwa chikuto: woimba lipenga ndani, woimba ng'oma ndani, chidajambulidwa liti. Anthu amene sankaloledwa kuyenda mu Pretoria popanda chiphaso ankadziwa bwino lomwe za kampani ya Blue Note ya ku New York, imene Alfred Lion, Myuda wochokera ku Germany, adaiyambitsa m'chaka cha 1939.

Tsiku loyamba, nyimbo zitaimbidwa zingapo, mkulu wina adatembenukira kwa mlendoyo nati, "Nanga iwe Mnyasa, ukumvera chiyani masiku ano?" Atelala adasowa chonena. Adalibe wailesi, adalibe chimbale, ndipo adachita manyazi a munthu amene wadya kwa anzake koma kwake sikufuka utsi. Kwa miyezi itatu adadzimana nyama ndi fodya. Ndalama zitakwana adakwera sitima kupita ku Johannesburg, kusitolo ya zimbale ya Kohinoor ya Rashid Vally, komwe adagula Mannenberg, chimbale chimene Dollar Brand, yemwe amadziwikanso kuti Abdullah Ibrahim, adajambula ku Cape Town m'chaka cha 1974. Atafika nacho pagulu adazindikira kuti aliyense adali nacho kale. Koma palibe amene adaseka. Adachimvera chonse mwachete, mphindi zoposa 13, ngati sadachimvepo. Pomaliza mkulu uja adati, "Nyimboyi timaidziwa. Amene sitinkamudziwa ndi iwe. Tsopano takudziwa."

Tanthauzo la mawuwo adalimvetsa patapita nthawi. Wina adabwera ndi chimbale cha Hugh Masekela chojambulidwa ku America, momwe muli nyimbo ya Stimela. Nyimboyo imanena za sitima yonyamula amuna kuchokera m'maiko oyandikana kupita nawo ku migodi ya golide, ndipo pakati pa maikowo dzina la Malawi limatchulidwa. Dzinalo litamveka, anthu onse m'chipindamo adacheukira kwa Atelala. Iwo adawerama, nakhala ngati akumanga chingwe cha nsapato, ndipo sadadzutse mutu mpaka nyimboyo idatha. Palibe adawafunsa za kwawo, koma tsiku limenelo mkazi wa mwini nyumba adawaikira nyama yochuluka kuposa ya ena onse.

Munthu wachilendo akafika pakhonde la ku Chilomoni n'kudandaula kuti jazi ilibe mutu ndi mchira, Atelala amamufotokozera poyerekeza ndi mlandu wa pabwalo. Poyamba oimba onse amatchula mutu wa nkhani, ndiye kanyimbo kamene munthu angathe kukaimba ndi mluzu. Kenaka aliyense amalandira mpata wake kuti anene maganizo ake pa mutuwo, m'mawu akeake amene akuwapeka nthawi yomweyo, pamene woimba besi ndi woimba ng'oma akuvomereza pansipansi monga amachitira madoda akamamvera mboni. Onse akalankhula amabwereranso ku mutu uja, nkhani n'kutha. Luso limeneli lidabadwira ku New Orleans pakati pa anthu akuda a ku America, zidzukulu za akapolo, ndipo chimbale choyamba cha jazi chidatuluka m'chaka cha 1917. Popeza woimba jazi sabwereza mawa zimene wanena lero, chimbale ndicho mboni yokhayo ya zimene zidanenedwa tsiku lojambulalo.

Chimbale chili ndi kanjira kamodzi kopyapyala kumbali iliyonse, kozungulira kuchokera m'mphepete mpaka pakati. Singano imayenda m'kanjirako, ikugwedezeka ndi timakwinya tosaoneka ndi maso, ndipo kugwedezekako ndiko kumasanduka mawu. Mbale zakale za galamafoni yopukusa zinkazungulira maulendo 78 pa mphindi, zinkasweka ngati mphika, ndipo mbali imodzi inkatha m'mphindi zitatu zokha. M'chaka cha 1948 kampani ya Columbia idatulutsa zimbale zoyenda pang'onopang'ono, zozungulira maulendo 33 ndi kagawo pa mphindi, zimene mbali yake imodzi imafika mphindi 20 kapena kupitirirapo. Oimba jazi adapeza mpata wolankhula momasuka, koma omvera nawonso adayenera kuphunzira kudekha. Adani a chimbale ndi atatu: fumbi, thukuta la m'zala ndi dzuwa. N'chifukwa chake Atelala amasunga zawo choimiritsa m'bokosi lachitsulo, kutali ndi khoma limene limawombedwa ndi dzuwa la mwezi wa Okutobala.

Bokosi limenelo ndilo adabwera nalo kumudzi chitapita chaka cha 1994, pamene maiko onse awiri adasintha maboma. Lidali lolemera kotero kuti adalitsitsa amuna anayi. Abale adasonkhana, ana akusuzumira pazenera, aliyense akuyembekeza mabulangete, nsalu ndi mapoto. Chivundikiro chitatsegulidwa mudangooneka zimbale zokhazokha. Padakhala chete. Kenaka alongo awo, amene adasamala mayi awo mpaka kuwaika m'manda Atelala ali kutali, adati, "Achimwene, zaka zonsezi mwatibweretsera mbale zosadyera nsima?" Mawuwo adali owawa chifukwa adali oona. Atelala sadayankhe. Adapita kumanda kukalira maliro ogonera, ndipo patapita masabata ochepa adasamukira ku Chilomoni ndi makina awo osokera. Kuyambira nthawi imeneyo adayamba kulipirira sukulu ana a alongo awowo, koma dzina la mbale zosadyera nsima lidakhazikika pabanjapo.

Adapezanso kuti ku Malawi dzina lakuti jazi linkatanthauza zina. Linkatchulidwa pa magulu oimba ndi banjo ndi ng'oma zopanga okha, monga Chimvu Jazz Band ya Alan Namoko. Ku Chileka kudali banja la Kachamba, Daniel ndi Donald, amene adatchuka ndi kwela, nyimbo ya chitoliro yobadwira m'misewu ya ku Joni komweko. Atelala sadanyoze nyimbo zimenezi, pakuti ankamvamo ubale ndi zimene adazisiya ku Mamelodi. Chimene chidasowa ndi munthu wokhala naye chete kwa mphindi 20. Ankaika chimbale madzulo, nyimbo n'kufika pokoma, iwo n'kucheuka kuti aone nkhope ya mnzawo, koma n'kupeza mpando wopanda munthu. Kumvera wekha kuli ngati kudya wekha: mimba imakhuta koma chakudya sichikoma.

Tsiku lina masana kudabwera mkulu wina ndi thalauza long'ambika. Ali pakati pofotokoza pofunika kusoka, adaima, natchera khutu kuchipinda, nati, "Kodi ameneyu si Horace Silver?" Idalidi nyimbo ya Song for My Father, imene Silver adapekera bambo wake wochokera ku zilumba za Cape Verde, yemwe chithunzi chake chili pachikuto cha chimbalecho. Mkuluyo adali Aphunzitsi aja. Iwo sadapiteko ku Joni, koma ali mnyamata ankamvera usiku pulogalamu ya jazi ya Willis Conover pa wailesi ya Voice of America, mawu akubwera ndi kupita ngati mafunde. Thalauzalo lidasokedwa patapita masiku atatu, chifukwa tsiku limenelo ntchito idathera pomwepo. Aphunzitsi adaitana Anamwino, Anamwino adaitana Adalaivala, ndipo bwalo lidakwana.

Malamulo a pakhondepo ndi atatu, ndipo adawaika ndi Atelala. Loyamba, munthu abwere ndi chimene akumveradi masiku amenewo, osati chimene akufuna kudzitama nacho. Lachiwiri, singano ikatera palibe kulankhula mpaka mbaliyo itatha. Lachitatu, chimbale chikhoza kubwerekedwa, koma chilembedwe m'kope ndipo chibwerere mwezi wotsatira. Magetsi akathima amalumikiza batire la galimoto limene Adalaivala adapereka. Mwa malamulo atatuwa lovuta ndi loyamba. Mwamuna wawo atamwalira, Anamwino adabwera miyezi ingapo ndi Ella and Louis, chimbale cha m'chaka cha 1956 momwe mawu osalala a Ella Fitzgerald amayenda limodzi ndi mawu osasa a Louis Armstrong. Sadafotokoze chifukwa chake, ndipo panalibe wofunsa, pakuti onse ankakumbukira mawu a malemuwo.

M'mwezi wa Epulo 2015 kudabuka zipolowe zothamangitsa alendo ku Durban ndi ku Johannesburg, ndipo boma la Malawi lidatumiza mabasi kukatenga nzika zake. Kumapeto kwa mweziwo Adalaivala adabwera ndi Kind of Blue, chimbale cha Miles Davis cha m'chaka cha 1959, napempha kuti singano iikidwe pa nyimbo yomaliza ya mbali yoyamba, Blue in Green, momwe lipenga limalira chapansipansi ngati munthu wolira osafuna kudzutsa ana. Mwezi wotsatira adabweranso ndi nyimbo yomweyo. Itatha, Anamwino adati, "Achimwene, nyimbo taimva. Tsopano tiuzeni." Pamenepo zidadziwika kuti mwana wawo wamwamuna amene ankagwira ntchito ku Durban sadamvekenso chiyambire zipolowezo, ndipo bamboyo adakhala akuchingamira basi iliyonse osauza munthu. Mokwiya adafunsa kuti amamvereranji nyimbo za anthu othamangitsa ana a anzawo. Atelala adayankha kuti manja amene adawapatsa kachipinda ndi nyama yochuluka adalinso a komweko.

Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga. Aphunzitsi adalemba makalata kwa anthu a mpingo, Anamwino adafunsa anzawo amene ana awo adali kumeneko, ndipo uthenga udayenda ndi madalaivala a pamsewu wa Durban. Pasanathe mwezi mnyamatayo adapezeka ali moyo. Adalandidwa foni ndi katundu yense, ndipo ankakana kukwera basi chifukwa cha manyazi obwerera kwawo chimanjamanja. Atelala atamva zimenezi adapempha kuti amuuze mawu awa: "Mwana wanga, manyazi amenewo ndikuwadziwa. Adandisunga kumeneko zaka zoposa 20, ndipo nditabwera ndidapeza mtumbira. Bwera, ngakhale ndi malaya okhawo." Mnyamatayo adabwera.

Koma amene adaika lamulo loyamba ndi amenenso adadzalithyola. Phokoso la makina a mumgodi limawononga timinyewa tating'onoting'ono ta mkatikati mwa khutu, ndipo tikawonongeka sitimeranso. Ukalamba umadzangomaliza ntchito imene phokoso lidayamba. Zoyamba kuthawa ndi mawu ang'ono, okwera. Atelala adayamba kudabwa kuti oimba ng'oma asiya kumenya zitsulo zawo zija zolira ngati mvula padenga. Adasintha singano, adapukuta zimbale, koma zitsulozo sizidabwerere. Kenaka nsonga ya lipenga idafumbwa, ndipo mawu a mdzukulu wa alongo awo, mtsikana amene ankakhala nawo akuphunzira ku koleji, adayamba kumveka ngati akuchokera kuseri kwa chitseko. M'chaka cha 2020 mliri wa Covid-19 udaimitsa misonkhano ya pakhondepo, ndipo pamene idayambiranso, makutu adali atapita patali.

Sadauze munthu. Ankaopa kuti akaulula anzawo adzasiya kubwera powamvera chisoni, ndipo mpando uja udzakhalanso wopanda munthu. Choncho adapeza nzeru. Ankasankha zimbale zokhazo zimene ankazidziwa pamtima, ndipo ankayang'ana pamene singano yafika, popeza pachimbale pamaoneka mizere yosiyanitsa nyimbo ndi inzake. Motero ankagwedeza mutu pamalo oyenera ndi kuyamikira woimba woyenera. Akafunsidwa funso lija ankatchula chimbale chimene sadachiike n'komwe mwezi wonsewo. Anzawo akachoka ankakhala okha mumdima, mtima ukuwatsutsa, podziwa kuti adabweretsa pabwalo lawo bodza lomwelo la "tadzuka bwino" limene bwalolo lidakhazikitsidwa kuti lilithawe.

Chobisika chidaululika Lamulungu lina pamene adaika A Love Supreme, chimbale chimene John Coltrane adajambula m'mwezi wa Disembala 1964 pothokoza Mulungu. Tsikulo adatopa, ndipo adatsinzina m'malo moyang'ana singano. Mbali yoyamba idatha. Singano idafika pakati n'kumangogunda kuti tche, tche, tche, monga imachitira chimbale chikatha. Kwa zaka zonse Atelala sadalolepo singano yawo kugunda motero ngakhale kawiri. Koma tsopano adali chitsinzinire, akugwedeza mutu, phazi likutsata ng'oma imene idali italeka kale. Aphunzitsi adayang'ana pansi. Adalaivala adavula chipewa. Mtsikana uja ndiye adanyamuka mwakachetechete nakweza singanoyo.

Atatsegula maso adapeza onse akuwayang'ana. Anamwino adasendeza mpando pafupi, nalankhula pang'onopang'ono, nkhope yawo ili poonekera. "Achimwene, lamulo loyamba mudaika ndinu. Kodi mukumvera chiyani masiku ano?" Atelala adakhala chete nthawi yaitali. Pomaliza adati, "Achemwali, ndikumva mluzu wosatha m'khutu la kumanzere. Zina zonsezi ndikungokumbukira."

Kuchipatala adawayeza nawauza kuti makutuwo sangachire, koma tizipangizo tovala m'khutu tikhoza kuthandiza. Mtengo wake udali woposa zimene makina osokera akadapeza. M'masiku omwewo kudafika mnyamata wina wamalonda amene adamva za bokosi lija. Zimbale zakale zidayambanso kufunidwa ku Ulaya ndi ku America, ndipo iye adalonjeza ndalama zokwanira tizipangizoto ngati atatenga bokosi lonse. Atelala adagona masiku atatu osapeza yankho. Akagulitsa, adzamva koma adzasowa chomvera. Akakana, adzakhala ndi chomvera koma osamva. Adakumbukiranso mawu a alongo awo, ndipo adaganiza kuti mwina nthawi yakwana yoti mbalezo zigule kanthu kooneka.

Nkhaniyi adaitula pabwalo, popeza tsopano adali atasiya kubisa. Adalaivala ndiwo adayamba kulankhula. "Achimwene, mbale zimenezi zidandibwezera mwana. Sizichoka pano." Adagwirizana zochita chiperegani, ndipo woyamba kulandira akhale Atelala. Mwana wa Adalaivala uja, amene tsopano adali ndi kagalaja kake, adaponyapo gawo lalikulu. Atelala nawo, posafuna kungolandira, adasankha zimbale 12 zimene sadazikonde kwenikweni nagulitsa kwa wamalondayo. Mannenberg idatsala. Kupatsa n'kuika, ndipo zimene adaika pakhondepo kwa zaka zambiri adazipeza tsiku limenelo.

Tizipangizoto sitidabwezere zonse. Mawu a anthu adayamba kumveka, koma piyano inkalira ngati zitini, ndipo zitsulo za woimba ng'oma zidabwerera zili zakuthwa, zosakoma ngati kale. Atelala adakhumudwa. Mdzukulu wawo ndiye adawagwira dzanja tsiku lina naliika pabokosi la sipika, nati, "Agogo, tamverani apa." Chimbale chidali cha Coltrane chomwe chija. M'chikhato mwawo adamva besi ya Jimmy Garrison ikubwereza mawu ake anayi, mobwerezabwereza, ngati munthu wogogoda pakhomo modekha. Kwa zaka zoposa 40 adakhala akutsata malipenga, osasamala za munthu woima kumbuyo amene amasenza nyimbo yonse. Adayamba kumvera bokosi lonse mwatsopano, chimbale ndi chimbale, akufunafuna oimba besi, ndipo adapeza kuti ali ndi zimbale zambiri zimene adali asanazimvepo.

Mtsikanayo naye adapempha mpando pabwalo. Tsiku lake loyamba adabwera wopanda kanthu kukhwapa, natulutsa foni. Aphunzitsi adatsutsa kuti nyimbo ya m'foni ilibe chikuto chowerenga, koma Atelala adagamula kuti lamulo limafunsa chimene munthu akumvera, silifunsa chotengera. Adalumikiza foniyo, ndipo mudatuluka piyano ya Nduduzo Makhathini wa ku KwaZulu-Natal, woimba woyamba wa ku South Africa kulembedwa ndi kampani ya Blue Note, imene idatulutsa chimbale chake m'chaka cha 2020. Atelala adapempha kuti awabwerezere dzina la kampaniyo. Adakumbukira madoda a ku Mamelodi aja akuwerenga dzinalo mwaulemu kuseri kwa zikuto, ambiri mwa iwo atagona kale m'manda osadziwa kuti tsiku lina pazikutozo padzalembedwa dzina la mwana wa kwawo.

Alongo awo aja adakalamba, ndipo dzina lija sadalisinthe. Akabwera kudzaona mdzukulu wawo amalozabe bokosilo ndi ndodo n'kufunsa ngati mbalezo zayamba kudyerapo nsima. Atelala amaseka, osatsutsa, chifukwa ngongole ya mtchona kwa amene adatsala kumudzi siithera m'nyimbo. Koma ulendo wina gogoyo adapezeka pakhondepo Lamulungu lomaliza la mwezi, ndipo adakhala chete mbali yonse ya chimbale, manja ali pamiyendo.

Masiku ano manja a Atelala amanjenjemera, choncho ntchito yoika singano idaperekedwa kwa mdzukulu. Iye amapukuta chimbale ndi kansalu kofewa, kuchigwira m'mphepete monga adaphunzitsidwa, ndipo asanachiike amazungulira bwalo lonse ndi funso lija, kuyambira kwa Anamwino. Akafika kwa agogo ake amagwada kumbali ya khutu la kumanja n'kufunsa mokweza. Mkuluyo amatchula dzina la woimba besi wa mwezi umenewo, amasendeza mpando pafupi ndi sipika, n'kuyala chikhato chawo pabokosipo. Ndiye singano imatera, ndipo palibenso wolankhula.